GALIMOTO YONJENJEMERA ITAKWEZEDWA: CHOYAMBITSA NDI KAKONZEDWE KAKE

Alimi anzanga, kukolola kukatha ntchito yotsala ndi yofikitsa zokolola kumsika. Fodya amene mwavutika naye kuyambira ku nazale, pamodzi ndi chimanga, mtedza ndi soya, sizisanduka ndalama zili m'shedi. Ziyenera kukwera galimoto kupita ku depoti, kapena ku okushoni ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu. Tonse tidziwa m'mene misewu yochokera kuminda imakhalira mvula ikangosiya: makwawa, miyala ndi mitumbira ya pakati pa msewu imene imakhula pansi pa galimoto. Kaamba ka ichi alimi ambiri amene ali ndi pikiapu amaikweza kumbuyo. Ena amaonjezera malifu a masipuling'i, ena amaika mabuloko achitsulo, ndipo ena amatalikitsa mashakolo, tizitsulo tija timene sipuling'i imalendewerapo kumbuyo kwake.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Galimoto imakweradi, koma pasanathe sabata mwini wake amamva kunjenjemera kumene kunalibe kale. Mlimi wina wa m'dera langa adabalansa matayala kawiri, nagula mashoko atsopano, nasintha jointi ya shafti katatu m'nyengo imodzi, koma kunjenjemera sikudathe. Tsiku lina jointi idathyoka ali pa ulendo ndi mabelo, ndipo fodya wake adagona pamsewu masiku awiri, namvumbwa. Ndalama zimene adataya zikadagula feteleza wa munda wonse. Chimene chidafunika pa galimoto ija chinali kuyeza malo atatu ndi kuika tizitsulo tiwiri tating'ono.

Phunziro lino likuphunzitsani chinthu chimodzi: galimoto ikayamba kunjenjemera mutangoikweza, yambani mwayeza kupendeka kwa shafti musanagule chipangizo chilichonse.

ZIMENE ZILI PANSI PA GALIMOTO

Mukasuzumira pansi pa pikiapu muona chitsulo chachitali chonga paipi, chochokera ku giyabokosi kukafika ku difu. Amakaniko amachitcha propshafti, koma muno tizingoti shafti. Ntchito yake ndi kutenga mphamvu ya injini kupititsa ku matayala a kumbuyo. Giyabokosi idamangiriridwa ku chasisi ndipo siyenda, pamene difu imakwera ndi kutsika pamodzi ndi matayala. Motero shafti iyenera kukhala ndi popindikira. Kumapeto kwake konse kuli jointi yooneka ngati mtanda, yogwidwa ndi mphanda ziwiri zachitsulo. M'masitolo a zipangizo za galimoto dzina lake ndi universal joint. Pa nsonga zinayi za mtandawo pali timakapu, ndipo m'kati mwake muli timasingano tachitsulo togudubuzika m'girizi.

Jointi imeneyi ili ndi khalidwe limene Robert Hooke wa ku England adalifotokoza kale m'zaka za m'ma 1670, galimoto zisanabwere. Ikakhala yowongoka, mbali zake zonse ziwiri zimazungulira mofanana. Ikapindika, mbali yolandira mphamvu imathamanga ndi kuchedwa, kuthamanga ndi kuchedwa, kawiri pa kuzungulira kumodzi, ngakhale mbali yopereka mphamvu ikuzungulira mosasintha. Jointi ikapindika madigiri 3 kusinthaku kumakhala kochepa kwambiri. Ikapindika madigiri 6 kumachuluka kanayi, osati kawiri ayi. Ikafika madigiri 9 kumachuluka kasanu ndi kanayi.

Tsono opanga galimoto amathetsa vutoli ndi jointi yachiwiri. Ngati jointi ya ku difu yapindika mofanana ndi ya ku giyabokosi, ndiponso ngati mphanda za kumapeto onse a shafti zayang'ana mbali imodzi, pamene yoyamba ikuthamangitsa yachiwiri imachedwetsa, ndipo matayala amalandira mphamvu yosalala. Taganizirani anthu awiri osinja mu mtondo umodzi. Wina akamatsitsa munsi mnzake akukweza, ntchito imayenda bwino. Akasemphana kamodzi kokha minsi imagundana.

CHIFUKWA CHAKE KUKWEZA KUMABWERETSA VUTO

Mukakweza galimoto, giyabokosi imakwera pamodzi ndi chasisi koma difu imatsala pamene inali. Shafti imatsetsereka kwambiri kuposa kale. Shafti yotalika mita imodzi ndi masentimita 20 imaonjezera kupendeka kwake ndi madigiri oposa 2 mukakweza galimoto masentimita 5, ndipo mukakweza masentimita 7 ndi theka imaonjezera madigiri 3 ndi theka. Shafti ikakhala yaifupi kupendekako kumakula koposa apa.

Chachiwiri, njira zina zokwezera zimatembenuza difu. Mashakolo aatali amatsitsa mbali ya kumbuyo yokha ya sipuling'i, kotero mphuno ya difu, pamene shafti imalumikizira, imayang'ana m'mwamba. Malifu oonjezera opindika mosiyana ndi akale amathanso kuitembenuza. Zikatero jointi ya kutsogolo imapindika kwambiri, ya kumbuyo pang'ono, ndipo sizithanso kufafanizirana.

Musaone ngati madigiri awiri kapena atatu ndi chinthu chochepa. Tayala la pikiapu limayenda pafupifupi mamita 2.3 likazungulira kamodzi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola limazungulira pafupifupi ka 580 pa mphindi imodzi, ndipo popeza difu ya mapikiapu ambiri imazunguza shafti kanayi kapena kupitirira pang'ono pa kuzungulira kumodzi kwa tayala, shafti imazungulira pafupifupi ka 2,300 pa mphindi. Kugwedeza kumachitika kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndiye kuti ka 4,600 pa mphindi imodzi. Kugwedeza kumeneku kumadya timasingano ta jointi, kumawononga bering'i ndi silo ya mphuno ya difu mpaka oilo kuyamba kudontha, ndiponso kumamasula mabawuti. Jointi ya kutsogolo ikathyoka galimoto ili pa liwiro, shafti imagwa n'kuzika mutu wake mumsewu. Ikhoza kuboola thanki ya mafuta, kudula paipi ya mabuleki, kapena kunyamula mbali ya kumbuyo n'kugubuduza galimoto ndi anthu ali pamwamba pa katundu.

TSIMIKIZANI KUTI VUTO LILI PA SHAFTI

Si kunjenjemera konse kumene kumachokera ku shafti. Pezani msewu wa tala wowongoka ndi wopanda magalimoto ambiri, tengani mnzanu woti azilemba liwiro, ndipo yesani motere.

1. Galimoto itaima, giya ili pa nyutulo, ipatseni moto pang'onopang'ono. Ikanjenjemera chiimire, vuto lili pa injini kapena pa malabala amene injini imakhalirapo, osati pa shafti.

2. Nyamukani mwamphamvu, makamaka muli ndi katundu. Ngati galimoto ikugwedezeka pansi pa mpando pamene mukunyamuka, mpaka pa liwiro la makilomita 20 kapena 30, kenaka n'kusiya, chimenecho ndi chizindikiro cha kupindika kwa majointi. Kawirikawiri zimachitika pa galimoto ya shafti ya zigawo ziwiri.

3. Fikani pa liwiro limene kunjenjemera kumamveka kwambiri, ndipo chotsani phazi pa akiseleleta. Ngati kunjenjemerako kukuchepa mukachotsa phazi, n'kubwereranso mukaponda, kayikirani kupindika kwa majointi kapena jointi yakutha.

4. Ngati kunjenjemera kukumveka pa chiwongolero, kukugwedeza manja mooneka ndi maso pa liwiro la pakati pa makilomita 80 ndi 100, ndipo sikusintha ngakhale muponde kapena muchotse phazi, yang'anani matayala. Kunjenjemera kwa tayala kumagunda motalikirana ngati ng'oma. Kwa shafti kumalira mong'ung'udza ngati njuchi, kumamveka kumapazi ndi pampando, ndipo galasi loonera kumbuyo limachita chimbuuzi.

5. Pa galimoto yokoka matayala onse anayi, yesani mahabu a kutsogolo ali omasula ndi giya yokokera kutsogolo yochotsa. Kunjenjemera kukatha, vuto lili pa shafti ya kutsogolo.

YANG'ANANI IZI MUSANAYAMBE KUYEZA

Imitsani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, ndipo tsekerezani matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ikani giya pa nyutulo kuti shafti ikhale yomasuka. Musalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeki yokha, ndipo musaikhazike pa njerwa chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Gwirani shafti pafupi ndi jointi iliyonse ndipo igwedezeni m'mwamba, pansi ndi m'mbali. Jointi yabwino silola kugwedera kulikonse. Fumbi lofiira ngati dzimbiri lozungulira timakapu litanthauza kuti girizi adatha kale ndipo timasingano tikudyana. Jointi yotere isinthidwe musanachite china chilichonse.

Chotsani matope ouma, udzu, waya kapena chingwe chimene chakulungika pa shafti. Onani ngati shafti yafinyika penapake chifukwa chogunda mwala, ndiponso ngati tizitsulo tating'ono timene adawotcherera pa shafti kufakitale kuti izungulire mosalemera mbali imodzi tilipo tonse. Kachitsulo kamodzi kakachoka pamatsala chipsera chooneka.

Kenaka onani mphanda. Imani kumbuyo ndi kuyang'ana motsata shafti. Mphanda ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ziyenera kugona mu mzere umodzi. Shafti zambiri zili ndi malo olowana okhala ndi mano, amene amalola shafti kutalika ndi kufupika. Pokweza galimoto amakaniko ena amasolola malo amenewa n'kubwezera mano atalumpha limodzi kapena awiri. Kulakwa kumeneku kokha n'kokwanira kunjenjemeretsa galimoto. Funafunani timivi kapena zizindikiro zimene opanga adaika mbali zonse ziwiri, ndipo muziyang'anitse pamodzi. Pa shafti zina za zigawo ziwiri opanga adasemphanitsa mphanda mwadala, choncho lamulo ndi lakuti musanamasule shafti iliyonse, lembani mzere ndi penti kapena choko podutsa polumikizira paliponse.

Onaninso kuti malo olowanawa asololoka bwanji. Galimoto yokwezedwa imakoka shafti, ndipo mano otsala m'kati akachepa shafti imagwedera pamenepo, mwinanso kusololokeratu tayala likagwera m'dzenje. Ngati mbali yonyezimira imene kale inali m'kati yatulukira kwambiri ndipo pakugwedera, shafti ifunika kutalikitsidwa ndi amisiri okhala ndi makina obalansira, osati kuwotcherera pansi pa mtengo.

KAYEZEDWE

Zofunika ndi izi: foni yokhala ndi pulogalamu yoyezera kupendeka, kapena pulotirakita ya ana asukulu, ulusi ndi nati, sikweya ya kalipentala, pepala ndi pensulo. Ngati mugwiritsa ntchito pulotirakita, boolani kabowo pakati pa mzere wake wowongoka, mangani ulusi pamenepo, ndipo kunsonga kwa ulusi mangani nati. Mukagunditsa mbali yowongoka kunsi kwa chitsulo chogona, ulusi umalendewera pa 90 ngati chitsulocho chili chosapendeka. Ukalendewera pa 83 kapena 97, chitsulo chapendeka madigiri 7.

Yezani galimoto itaima pa matayala ake, itanyamula katundu amene imanyamula masiku ambiri. Galimoto yopanda kanthu ndi yodzaza mabelo zimapereka manambala osiyana. Ngati imayenda theka la nthawi yopanda katundu, yezani kawiri ndipo lembani zonse.

Pali malo atatu oyeza.

Poyamba ndi pa giyabokosi. Kumene shafti imamangirira kuli mbale yachitsulo ya mabawuti anayi, imene amakaniko amati fulanji. Gunditsani dzanja limodzi la sikweya pa nkhope yosalala ya fulanjiyo, dzanja linalo liloze motsata galimoto, ndipo yezani kupendeka kwa dzanja logonalo. Pachiwiri ndi pa shafti yeniyeniyo, pakati pake, pamalo oyera opanda chipsera. Pachitatu ndi pa fulanji ya difu, monga mudachitira pa giyabokosi.

Ngati nkhope ya fulanji siyikufikirika, masulani shafti mutalemba kale zizindikiro zija. Chenjerani kuti shafti ikachoka giya sigwiranso galimoto. Pa ma Land Rover akale handibuleki imagwira pa tiransifa bokosi osati pa matayala, kotero mukachotsa shafti ya kumbuyo handibuleki sigwiranso matayala a kumbuyo. Miyala ya pa matayala isachoke.

Lembani manambala onse atatu monga kutsetsereka koloza kumbuyo kwa galimoto. Mphuno ya difu ikayang'ana m'mwamba, ndiye kuti difuyo yatsetserekera kumbuyo. Kupindika kwa jointi ya kutsogolo ndi nambala ya shafti kuchotsapo ya giyabokosi. Kwa jointi ya kumbuyo ndi nambala ya shafti kuchotsapo ya difu.

Nachi chitsanzo. Giyabokosi yapendeka madigiri 3, shafti madigiri 8, difu madigiri 7. Jointi ya kutsogolo yapindika 8 kuchotsa 3, ndiwo madigiri 5. Ya kumbuyo yapindika 8 kuchotsa 7, ndiyo digiri imodzi. Zasiyana ndi madigiri 4, ndipo galimoto imeneyi iyenera kunjenjemera ngakhale majointi ake ali atsopano.

Malamulo ake ndi atatu. Majointi awiriwa asasiyane kupitirira digiri imodzi. Jointi iliyonse ipindike pang'ono, theka la digiri kapena digiri imodzi, kuti timasingano tizigudubuzika ndi kufalitsa girizi. Ndipo jointi imakhalitsa ikapindika madigiri osapitirira 3. Ikapitirira imagwirabe ntchito koma imatha msanga. Kampani ya Spicer, imene yakhala ikupanga majointi amenewa kuyambira m'chaka cha 1904, imalangiza kuti shafti yozungulira ka 3,000 pa mphindi isapindike kufika madigiri 6.

Mwachidule, pa shafti imodzi ya majointi awiri, nambala ya difu ifanane ndi ya giyabokosi. Pa galimoto ya masipuling'i a malifu ndi bwino kuti mphuno ya difu itsikeko ndi digiri imodzi, chifukwa galimoto ikamakoka katundu masipuling'i amapotoka ndipo mphunoyo imakwera yokha.

KAKONZEDWE

Njira yoyamba, ndiponso yotsika mtengo, ndi kuchepetsa kukwezako. Dzifunseni ngati masentimita onse mudakwezawo akufunikadi. Ngati mashakolo aatali ndiwo atembenuza difu, bwezerani akale ndipo yezaninso. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti kukweza masipuling'i sikukweza difu. Malo otsikitsitsa a galimoto amakhala pomwe anali, pokhapokha mutaika matayala okulirapo.

Njira yachiwiri ndi mashimu. Shimu ndi kachitsulo kopyapyala mbali imodzi ndi kokhuthala mbali inayo, kamene kamaikidwa pakati pa sipuling'i ndi mpando wake wa pa ekiselo kuti katembenuze difu. Mashimu amagulitsidwa ndi nambala ya madigiri, monga 2, 3 kapena 4. Gulani achitsulo, chifukwa a aluminiyamu amafinyika ndi kusweka pa misewu yathu. Mbali zonse ziwiri za galimoto ziikidwe mashimu ofanana.

Ngati sipuling'i yakhala pamwamba pa ekiselo, mbali yokhuthala ikaloza kutsogolo mphuno ya difu imatsika, ikaloza kumbuyo imakwera. Ngati sipuling'i yadutsa pansi pa ekiselo zimatembenuka: mbali yokhuthala ikaloza kutsogolo mphuno imakwera. M'chitsanzo chathu chija, shimu ya madigiri 4 yotsitsa mphuno ibweretsa difu pa madigiri 3, ndipo majointi onse awiri apindika pafupifupi madigiri 5. Kunjenjemera kutha, komabe madigiri 5 ndi ochuluka, ndipo mwini galimoto achita bwino kuitsitsako pang'ono.

Poika mashimu tsatani izi:

1. Khazikani chasisi pa masitandi kapena pa zipika zazikulu zolimba, ndipo jeki igwire ekiselo.

2. Gwirani ntchito mbali imodzi, mutsirize, ndipo mupite mbali inayo.

3. Panani malifu ndi kilampu musanamasule bawuti la pakati limene limagwira malifu onse pamodzi, chifukwa malifu omasuka amafwamphuka ndipo akhoza kuthyola dzanja.

4. Shimu imangidwe ndi bawuti la pakatilo, ndipo mutu wa bawutilo utulukire mokwanira kuti ulowe m'bowo la pa mpando wa ekiselo. Mutu ukapanda kulowa, ekiselo imaterereka ndipo galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Ngati bawuti lafupika, gulani lalitali.

5. Ikani mabawuti atsopano okhota aja amene amamanga sipuling'i ku ekiselo, ma U-bolt. Akale adatamuka kale ndipo sagwira bwino kachiwiri. Mangani manati mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, mpaka pa mlingo umene buku la galimoto yanu lanena.

6. Tsitsani galimoto, yendani nayo pang'ono kuti masipuling'i akhazikike, ndipo yezaninso malo atatu aja.

7. Manganinso manatiwo mukabwerako ulendo woyamba wa katundu, ndiponso pakatha sabata.

Musasanjikize mashimu awiri kapena mabuloko awiri pamodzi, ndipo musaike mabuloko pa ekiselo ya kutsogolo. Ngati pakufunika kutembenuza kupitirira madigiri 4, chepetsani kukweza, kapena pitani kwa mmisiri wodziwa kudula ndi kuwotcherera mipando ya masipuling'i pamalo oyenera.

Njira yachitatu ndi ya shafti ya zigawo ziwiri. Mapikiapu ambiri aatali, makamaka a zitseko zinayi, ali ndi shafti yolumikiza pakati, yogwidwa ndi bering'i yokhala m'labala imene idamangiriridwa ku chasisi. Mukakweza galimoto bering'i imeneyi imakwera, ndipo kupendeka konse kumagwera pa chigawo cha kumbuyo, chimene ndi chachifupi. Pano muyeza malo anayi: giyabokosi, chigawo choyamba, chigawo chachiwiri ndi difu. Chigawo choyamba chisasiyane kwambiri ndi giyabokosi, pafupifupi digiri imodzi, ndipo difu iyandikane ndi nambala ya chigawo choyambacho. Mankhwala ake ndi kutsitsa bering'i yapakati poika tizitsulo tathyathyathya pakati pa iyo ndi chasisi, ndi mabawuti otalikirapo olimba mofanana ndi akale. Yambani ndi mamilimita 5, yendani, mverani, ndipo onjezani mamilimita ena 5 ngati kugwedezeka kwachepa koma sikunathe. Mukatsitsa mopitirira, kunjenjemera kumasamukira pa liwiro lalikulu. Ngati labala la bering'iyo lang'ambika kapena lafooka, sinthani kaye.

Pali shafti ya mtundu wina imene ili ndi mitanda iwiri yogundizana pamalo amodzi, kufupi ndi giyabokosi kapena tiransifa bokosi. Mitanda iwiriyi imafafanizirana yokha. Pa shafti yotere lamulo lija silichita. Mphuno ya difu iyenera kuloza molunjika ku shafti, kapena kutsikirako digiri imodzi kapena awiri. Onetsetsani mtundu wa shafti yanu musanagule mashimu.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndipo lembani zotsatira zake. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZINA ZIMENE KUKWEZA KUMASOKONEZA

Muli pansi pomwepo yang'ananinso izi. Paipi ya labala ya mabuleki yochokera ku chasisi kupita ku ekiselo isakungike tayala likalendewera. Chimodzimodzi waya wa handibuleki. Mashoko akale akhoza kukhala aafupi, kotero kuti ndiwo amaimitsa ekiselo m'malo mwa sipuling'i, ndipo amazuka pomangirira. Mapikiapu ambiri akale ali ndi valavu pa chasisi, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kachitsulo, imene imaonjeza mphamvu ya mabuleki a kumbuyo katundu akalemera. Galimoto ikakwezedwa valavuyo imaona ngati mulibe katundu ngakhale mwadzaza, ndipo mabuleki a kumbuyo amagwira mofooka. Makaniko aikonze kuti igwirizane ndi msinkhu watsopano.

Koposa zonse, malifu oonjezera saonjezera mphamvu ya ekiselo, matayala kapena mabuleki. Pikiapu ya tani imodzi imakhalabe ya tani imodzi. Ngati mabelo anu akulemera makilogalamu 100 lililonse, mabelo 10 akwanitsa kale mlingo, ndipo dalaivala ndi okwera sanawerengedwe. Galimoto yokwezedwa, yosanjikiza mabelo m'mwamba, imagubuduka msanga pokhota.

Thirani girizi m'majointi ndi m'malo olowana aja nthawi iliyonse mukasintha oilo wa injini, ndiponso mukawoloka madzi akuya. Popani mpaka girizi watsopano atulukire pa timakapu tonse tinayi.

MAWU KWA MATENANTI NDI MAKALABU

Ambiri a inu mulibe galimoto yanuyanu, koma zokolola zanu, nthawi zina ndi ana anu omwe, zimakwera pikiapu ya pa esiteti kapena ya hayala. Musanakweze katundu suzumirani pansi. Oilo wodontha pa mphuno ya difu, fumbi lofiira pa jointi, mabuloko osanjikiza, ndi kulira kwa chitsulo galimoto ikamanyamuka, zonsezi ndi zifukwa zokwanira zouzira mwini galimoto kapena kapitawo mwaulemu, ndi kufuna galimoto ina ngati sakumva. Makalabu amene adasonkha ndalama n'kugula galimoto asunge kabuku kolembamo manambala a kayezedwe, tsiku lothira girizi ndi tsiku lomanga ma U-bolt, ndipo ntchito imeneyi ichitike msika usanatsegulidwe, osati mabelo atadinda kale.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Kunjenjemera kumene kwayamba mutangokweza galimoto kumachokera kawirikawiri ku kupindika kwa majointi a shafti.

2. Yang'anani majointi, mphanda, matope ndi malo olowana musanayeze.

3. Yezani giyabokosi, shafti ndi difu galimoto ili ndi katundu wake wa masiku onse.

4. Majointi awiri asasiyane kupitirira digiri imodzi.

5. Yesani kutsitsako galimoto musanagule mashimu, ndipo mukaika mashimu ikaninso ma U-bolt atsopano.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Kodi mungasiyanitse bwanji kunjenjemera kwa tayala ndi kwa shafti?

2. Pikiapu ina ya shafti imodzi yayezedwa motere: giyabokosi madigiri 4, shafti madigiri 7, difu digiri imodzi. Jointi iliyonse yapindika madigiri angati? Mphuno ya difu ikwere kapena itsike? Ngati sipuling'i ili pamwamba pa ekiselo, mbali yokhuthala ya shimu iloze kuti?

3. Galimoto imene imanyamula zokolola za kalabu yanu idathiridwa girizi liti?

Bwerani ndi mayankho anu pa msonkhano wotsatira wa kalabu, ndipo amene ali ndi pikiapu abwere nayo pamodzi ndi sikweya, kuti tidzayeze tonse pamodzi.